Chuku Chalowa Kuchipinda

 Lero ndiyankhula makamaka ndi inu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Mvera, Chezi, Mponela ndi Madisi mpaka ku Malomo ndi kwa Nthondo, ngakhale nkhaniyi ikukhudza dziko lonse.

Mlimi wa fodya kwathu kuno safuna womuphunzitsa za chuku. Amachidziwa ndi maso, amachidziwa ndi mphuno. Akamasankha fodya m'chigafa, tsamba lililonse limadutsa m'manja mwake, ndipo likangoonetsa timawanga totuwa m'mbali mwa mtsitsi, amaliponya pambali osazengereza. Akudziwa kuti belo likakafika ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, wogula akapisamo dzanja n'kutulutsa fodya wa chuku, belo lonselo libwerera. Ngongole ya feteleza ikudikira, mwini galimoto akudikira, matenanti akudikira. Ndiye amasamala kwambiri.

Mlimi yemweyo madzulo akaweruka amakagona m'chipinda chimene khoma lake lada bii ndi chuku, mutu uli pafupi ndi matumba a chimanga chimene chayamba kumveka fungo la chinyontho. M'mawa mwana wake amamwa phala lothira nsinjiro za mtedza umene venda anaukana dzulo. Apa palibe wobweza belo, thupi limangolandira. Chimene chikundiwawa ine ndi chimenechi, omvera: chuku timachiopa chikamatidyera ndalama, koma chikamatidyera moyo timachiona ngati litsiro chabe.

Tiyeni tilowe m'nyumba imodzi mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku angapo osakata. Nyumbayi ndi ya zidina, yofolera malata, yopanda siling'i. Khonde linagumuka chaka chatha, ndiye madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma, ndipo khomalo lamwa madzi kuchokera pansi mpaka m'mawondo. Malo a zenera alipo, koma anasanjamo njerwa poopa akuba ndi mphepo, kudikira tsiku limene ndalama ya magalasi idzapezeke. Pakona pali matumba a chimanga osanjikizana, ogundana ndi khoma, la pansi lili padothi. Tasunthani thumba limodzi muone kuseri kwake. Khoma lili ndi mawanga akuda ndi obiriwira, thumba lanyowa mbali imene linatsamira, ndipo mukapisa dzanja mpaka pansi mupeza chimanga chitagwirana, chofunda ngakhale kunja kukuzizira. Pansi pa bedi nsapato zachikopa zopitira kutchalitchi zamera ubweya wotuwa. Bulangete limalemera ngati lachapidwa. Usiku m'chipindachi mumapuma anthu asanu, mpweya wawo ukagunda malata ozizira umasanduka madzi, ndipo m'bandakucha madziwo amadonthera pamatumba omwewo.

Palibe wa ife amene nyumba iyi ndi yachilendo kwa iye.

Makolo athu sankagona ndi chimanga. Nkhokwe inkakhala pabwalo, itakwezedwa pamiyala, mphepo ikudutsa pansi ndi m'mbali, chimanga chili m'makoko ake. Zinasintha pazifukwa zomveka. Umbava unakula. Nankafumbwe wamkulu uja amene anafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe. Mbewu zambiri za haibulidi sizilimba ku tizilombo ngati chimanga cha makolo. Alangizi anatiuza kuti tizitonola, kuthira mankhwala ndi kusunga m'matumba, ndipo thumba lilibe malo ena otetezeka koposa pamene mwini wake akugona. Munthu amene anadzukapo m'mawa n'kupeza nkhokwe yake itang'ambidwa sindingamuuze kuti abwezere chimanga panja. Koma tivomereze kuti pothawa wakuba tinalowetsa m'nyumba mlendo wina amene sitinamukonzekere.

Ndipo mapiri athuwa amamukonda mlendoyu. Mwezi wa Juni ndi Julayi, nthawi imene mtedza ndi chimanga zikufuna dzuwa kuti ziume, m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi ndi m'zitunda za Dowa chifunga chimatha kukhala mpaka dzuwa litakwera, mvula ya mawawa n'kumawaza masiku otsatizana. Zokolola zimalowa m'thumba zikuoneka zouma kunja koma m'kati muli madzi.

Chuku ndi chamoyo. Ndi mtundu umodzi ndi bowa, ndipo chimaberekana ndi timbewu tosaoneka ndi maso timene timauluka mumpweya. Chimatilowa m'njira ziwiri, pamphuno ndi pakamwa. Ndiyambe ndi pamphuno.

Mu 2009 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza nyumba zachinyontho ndi chuku, litaunika kafukufuku wa m'mayiko ambiri. Linapeza kuti anthu okhala m'nyumba zotere amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika, matenda a m'njira zopumira ndi mphumu, ndiponso kuti mphumu imakula mphamvu mwa amene ali nayo kale. Amayi amene muli ndi mwana wa mphumu mukudziwa mmene zimakhalira. Masana akusewera bwinobwino, pakati pa usiku wadzuka, pachifuwa pakulira, nthiti zikukoka. Mumamubereka kupita naye kuchipatala, amamupatsa mankhwala, amapeza bwino, n'kubwerera kukagona pamphasa yomwe ija, pafupi ndi khoma lomwe lija. Pakatha milungu iwiri ulendo womwewo. Adokotala amafunsa za mwana, inu mumayankha za mwana, koma za chipinda chimene amagonamo sizitchulidwa ndi aliyense. Inde, utsi wa nkhuni m'khitchini nawo umawononga mapapo, mwina kuposa chuku, ndipo ziwirizi zikakumana m'nyumba yopanda zenera mwanayo alibe popumira.

Ku England, m'tawuni ya Rochdale, mwana wa zaka 2 anamwalira mu Disembala 2020. Makolo ake, amene anachokera ku Sudan, anali atadandaula kangapo za chuku cha m'nyumba ya lendi imene ankakhala. Mu Novembala 2022 wofufuza za imfa anagamula kuti mwanayo anafa ndi matenda a m'mapapo obwera chifukwa chopuma chuku nthawi yaitali, ndipo dzikolo linapanga lamulo lokakamiza eni nyumba zotere kukonza vutoli m'masiku owerengeka. Kumeneko imfa ya mwana mmodzi inafufuzidwa mpaka kufika pakhoma la chipinda. Kuno mwana wotere timangoti anali ndi chifuwa chobadwa nacho, n'kukamuika.

Pali gulu lina limene ndikufuna limvetsere bwino, la amene munadwalapo chifuwa chachikulu cha TB n'kumaliza mankhwala. TB imatha kusiya mphako m'mapapo ngakhale itachira. M'mphakomo chuku china chotchedwa Aspergillus chimatha kukhazikika n'kumakula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Munthu amatsokomola osaleka, amaonda, amatopa, nthawi zina amalavula magazi. Zizindikiro zonse ndi za TB, koma makhololo akayezedwa TB sapezeka, ndipo ena amabwezeredwa pamankhwala a TB amene sachiza chuku. Ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anapeza nthendayi mwa anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse amene anachira TB. Ngati munamaliza mankhwala koma chifuwa chikubwererabe, bwererani kuchipatala, pemphani kujambulidwa pachifuwa, ndipo muwauze adokotala mmene nyumba yanu ilili. Munthu wotere, komanso amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, asamagone m'chipinda chosungiramo matumba, ndipo asakhale iye wokutumula matumba akale kapena wopeta chimanga chovunda.

Ndikamanena za nyumba zothinana ndimakumbukiranso abale athu a ku Dzaleka. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 10,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, m'tinyumba tadothi togundana makoma, mmene dzuwa ndi mphepo zilibe polowera. Zonse zimene ndikunenazi kumeneko zimachuluka kawiri.

Tsopano njira yachiwiri, yapakamwa, imene kwa ife a kuno ndiyo yaikulu.

Mitundu ina ya chuku ikamera pa mtedza ndi chimanga imatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini. Dziko linamudziwa mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu alibe fungo lake, alibe mtundu, ndipo moto wa pamafuwa sumupha. Mukazinge mtedza, muusinje, muwiritse phala mpaka libwate, iye amatsala momwemo. Chuku chenichenicho mutha kuchipukuta kapena kuchitsuka, koma chimene chathira m'kati mwa njere sichichoka.

Akachuluka nthawi imodzi amapha msanga. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya, m'maboma a Makueni, Kitui ndi oyandikana nawo, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha m'minda yawo chimene anakolola kukugwa mvula n'kusunga m'nyumba chisanaume. Mu 2016 zinachitikanso pakati pa dziko la Tanzania, m'zigawo za Dodoma ndi Manyara, n'kupha anthu 20. Ndipo mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndiponso kuti theka la zitsanzo 25 zimene anatenga m'zigayo zikuluzikulu zinapezeka naye wopyola muyezo. Chaka chimenecho chinali cha ng'amba kuno konse, ndipo ng'amba imafooketsa mbewu ikadali m'munda, chuku n'kulowa mosavuta. Zambia ndi khomo loyandikana nalo, chimanga chimadutsa pa Mchinji tsiku ndi tsiku.

Komabe imfa zadzidzidzi zotere ndi zowerengeka. Chimene chimatipweteka ambiri ndi poizoni wochepa wa tsiku lililonse, m'phala, m'nsima, m'ndiwo zotendera, chaka ndi chaka. Chakudza sichiyimba ng'oma. Chiwindi ndicho chimasefa zonse zimene tadya, ndiye ndicho chimayamba kuvulala. Bungwe la WHO, kudzera m'nthambi yake yofufuza za khansa, linaika afulatokisini m'gulu loyamba la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ndipo khansa yake ndi ya chiwindi. Kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, chiopsezocho chimawirikiza pafupifupi ka 30. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002. Tanthauzo lake n'lakuti ambiri a ife amene tinabadwa chisanafike chakacho sitinabayidwe, ndipo ena tili ndi kachilomboka osadziwa.

Mmene matendawa amaonekera m'mudzi mukudziwa. Bambo wa zaka za m'ma 40, wamphamvu zake, wayamba kuonda. Maso achita chikasu, mimba yatupa, kumanja pansi pa nthiti kukupweteka. Akamafika kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, kapena kutumizidwa ku Kamuzu Central, nthawi yatha kale. Pamaliro anthu amanong'onezana kuti anadyetsedwa, ndipo zala zimaloza gogo wina wosalakwa, kapena mbale amene anakangana naye za munda. Sindikunena kuti mimba iliyonse yotupa ndi chuku. Mowa umawononga chiwindi, likodzo nalo limatupitsa mimba. Koma pamndandanda wa oganiziridwa m'mudzi, thumba la pakona lija silikhalapo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ana ndiye amandidetsa nkhawa koposa. Poizoniyu amadutsa mumkaka wa m'mawere pang'ono, ndipo amachuluka mwana akayamba phala. Ku Benin ndi Togo, kafukufuku wofalitsidwa mu 2002 anapeza kuti ana okwinimbira anali ndi afulatokisini wochuluka m'magazi kuposa anzawo okula bwino. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka 5 anali okwinimbira. Kukwinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, monga kuperewera kwa zakudya zamagulu, kutsegula m'mimba ndi malungo, ndipo mayi asaleke kuyamwitsa chifukwa cha zimene ndanenazi, pakuti bere ndilo chakudya chotetezeka koposa chimene mwana ali nacho. Koma zimandiwawa kuona maboma ngati athuwa, odzaza ndi mtedza, soya, nyemba ndi mbatata, ana ake akulephera kukwera pakhadi la kusikelo. Azaumoyo amalangiza amayi kuthira nsinjiro m'phala, ndipo malangizowo ndi abwino zedi. Funso ndi lakuti nsinjirozo zachokera ku mtedza uti.

Apa ndipo pagona nkhani. M'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa 1980, mtedza wathu wa Chalimbana unkapita ku Ulaya wochuluka kudzera ku ADMARC, ndipo unkatchuka ndi kukula kwa njere zake. Msikawo unagwa pazifukwa zingapo, ndipo pamene tinkafuna kubwererako tinapeza khomo litatsekedwa ndi malamulo a afulatokisini. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa ndi anthu kupyola magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Njere zochepa zoipa zikhoza kukanitsa katundu yense. Kuchokera pamenepo ntchito yambiri yachitika. Akatswiri a ICRISAT ku Chitedze anayamba kuyeza mtedza, bungwe la alimi la NASFAM linaphunzitsa mamembala ake kusankha, ndipo alimi a ku Mchinji anakwanitsa kugulitsanso mtedza ku Ulaya. Mu 2013 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi poizoniyu yotchedwa MAPAC, pansi pa unduna wa zamalonda. Ntchito yonseyi ndi yotamandika. Koma taonani kumene maso athu anayang'ana: kwa wogula wakunja.

Ndiye pabwalo la mayi wa kwa Kalumo kapena kwa Dzoole zimayenda chonchi. Wayala mphasa, wakhuthula mtedza wosenda, lichero lili pamiyendo. Zala zikuyenda msanga. Njere zazikulu, zosalala, zakhungu lathunthu zikupita m'thumba la msika. Zonyala, zosweka, zobooka, zakuda kumutu, zimene zikumveka kuwawa ukaluma, zikupita m'beseni la pambali. Wasankha bwino, monga anaphunzitsidwira. Thumba lija lipita pasikelo ya venda ku Mponela. Nanga beseni? Beseni silitayidwa, n'chakudya. Ana akudutsa akutapa. Zotsala zikazingidwa, zisinjidwa, zilowa m'nkhwani, m'chiponde ndi m'phala la wamng'ono uja. Poizoni amene anali womwazikana m'thumba lonse tsopano wasonkhana m'beseni limodzi, ndipo beseni limenelo ndi la pakhomo. Mtedza wina wotere umagulidwa motchipa n'kukagayidwa kukhala nsinjiro za m'timapepala zimene timagula pamsika, mmene diso silingaonenso kuti njere yake inali yotani.

Pali chizolowezi china chimene tonse timachidziwa. Makoko a mtedza wouma amabaya zala, ndiye madzulo timauwaza madzi kuti ufewe, m'mawa tisende mosavuta. Ena amawaza mtedza wosenda kale kuti ulemere pasikelo. Mtedza umenewo umalowa m'thumba la pulasitiki uli wonyowa, thumba n'kusokedwa, n'kukhala m'chipinda chofunda. Pakatha masiku ochepa chuku chayamba. Mavenda nawonso amafika mwezi wa Epulo, mtedza usanaume, mlimi ali ndi njala ya ndalama ya fizi, n'kugula wauwisi n'kukauunjika m'mashopu. Venda amabera mlimi pasikelo, mlimi amabwezera ndi madzi, ndipo wolipira mkangano wawowo ndi mwana amene adzadye chiponde ku Lilongwe kapena pakhomo pomwepo.

Chimanga nachonso chili ndi beseni lake. Chovunda chija timachipatula pokolola chimathera m'thobwa, m'masese, kapena kuchigayo mwezi wa Januwale nkhokwe ikapepuka. Ofufuza a m'dziko muno anapeza poizoni wa chuku m'mowa wa masese. Pachimanga pamameranso chuku china chotulutsa poizoni wotchedwa fumonisin, ndipo akatswiri akumuunika, pamodzi ndi utsi, fodya, mowa ndi zakumwa zotentha kwambiri, pofuna kumvetsa chifukwa chake Malawi ali m'gulu la mayiko otsogola padziko lonse pa khansa ya kum'mero.

Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti chida champhamvu chili kale m'manja mwa amayi. Pulofesa Limbikani Matumba wa ku LUANAR, amene wakhala akufufuza za poizoni wa chuku kwa zaka zambiri, anayerekeza ndi anzake njira zimene timagwiritsa ntchito pakhomo: kusankha ndi manja, kutsuka n'kuyengula zoyandama, ndi kukonola. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2015, zinaonetsa kuti kusankha ndi manja ndiko kunapambana, moti m'chimanga chosankhidwa munatsala afulatokisini wosafika magawo 6 pa 100 a amene analimo poyamba. Kukonola nako kumathandiza, chifukwa poizoni wambiri amakhala kukhungu la njere. Choncho mgaiwa, umene ndi wopatsa thanzi kuposa ufa woyera, umafuna chimanga chosankhidwa mosamala kwambiri chisanapite kuchigayo. Ndipo madeya a chimanga chokayikitsa asaperekedwe kwa ng'ombe yamkaka, pakuti poizoniyo amatulukira mumkaka, ndipo nkhuku nazo zimafooka n'kuleka kuikira.

Zina ndi zimene alangizi amanena chaka ndi chaka, ndingozikumbutsa mwachidule. Mtedza ukumbidwe pa nthawi yake, uume uli m'makoko mpaka uzilira ukaugwedeza, ndipo usungidwe m'makoko momwemo kufikira tsiku lougulitsa kapena kuudya. Chimanga chisayanikidwe padothi. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani njere zochepa m'botolo louma lagalasi, thiranimo mchere wouma, tsekani, gwedezani, dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Mankhwala a anankafumbwe sapha chuku, ndipo matumba osalowa mpweya a PICS amathandiza pokhapokha chimanga chitalowamo chouma. Kulinso Aflasafe, wopangidwa ndi akatswiri a IITA, amene amawazidwa m'munda. Iyeyu ndi chuku cha mtundu wosatulutsa poizoni chimene chimalanda malo a choipa chija.

Za nyumba, ndalama zambiri sizifunika poyamba. Matumba akhale pamitengo kapena pamatabwa, ndipo pakati pa thumba ndi khoma pakhale mpata woti dzanja lidutse. Ngati nyumba ili ndi zipinda ziwiri, ana agone kumene kulibe matumba. Njerwa ziwiri za pamwamba pa zenera lotsekedwa lija zichotsedwe, paikidwe waya, mpweya uzituluka. Khonde likonzedwe mvula isanayambe, ndipo kukumbidwe ngalande yochotsa madzi m'tsinde mwa khoma, makamaka inu amene munamanga pamtsetse, kumene madzi a m'phiri amatsikira kuseri kwa nyumba. Zofunda ndi mphasa zizituluka padzuwa likangowala. Khoma lachuku likwechedwe, liume, kenako lipakidwe laimu, ndipo wogwira ntchitoyo aphimbe mphuno ndi pakamwa, ana ali panja. Koma kupaka laimu pakhoma limene likumwabe madzi n'kungobisa, chuku chibwerera mwezi usanathe.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena pomvera izi. Mukuti, achimwene, mukuyankhula ngati wokhuta. Mwezi wa Febuluwale, m'nyumba mutatsala ndowa imodzi ya chimanga chovunda, ana akulira, ndani angakachikwirire? Funso limenelo ndi lolemera, ndipo sindiliyankha mwachibwana. Mayi amene akudyetsa ana mtedza wa m'beseni si mbuli. Wawerengera n'kuona kuti njala ya lero ndi yotsimikizika, pamene matenda a zaka 20 zikubwerazo sakuwaona. Chimene ndingapemphe pakhomo ndi chakuti ngakhale zitavuta chotani, njere zimene zikuoneka chuku poyera zichotsedwe n'kukwiriridwa, chotsalacho chikonoledwe ndi kutsukidwa, ndipo phala la mwana wosafika zaka 2 ndi chakudya cha mayi woyembekezera zizichokera m'thumba labwino lija. Musanapite kwa venda, tapani kaye mtedza wa mwana, ndowa imodzi yokha ya wosankhidwa bwino, muusunge m'makoko ake pamalo ouma.

Koma katunduyu sangasenzedwe ndi mayi yekha. Malinga ngati venda akugula mtedza wouma ndi wonyowa pamtengo umodzi, palibe adzaumitse. Malinga ngati beseni lija lilibe woligula, lidzapitabe m'mphika. Njira ilipo, chifukwa mafuta a mtedza akayengedwa bwino kufakitale amatsala ndi poizoni wochepa kwambiri. Makampani a mafuta ndi makopaletivi athu atamagula mtedza wokanidwawu padera, ngakhale pamtengo wotsika, mayi angakhale ndi chifukwa choutulutsira pakhomo. A Malawi Bureau of Standards amayang'anira chiponde cha m'mabotolo a m'sitolo, koma anthu a kwa Chiwere ndi kwa Kasakula sadya za m'sitolo, amadya za m'munda mwawo ndi za pamsika wa pamsewu. Tizipangizo toyezera chinyontho ndi toyezera afulatokisini mwamsanga tilipo, ndipo ogula akuluakulu amatigwiritsa ntchito poteteza katundu wopita kunja. Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi amatolera ndalama ya chiphaso m'misika tsiku lililonse la msika. Gawo la ndalama imeneyo lingathe kugula zipangizozi n'kuika tebulo limodzi pa Mponela, lina pa Madisi, lina pa Malomo, pamene mlangizi angayeze mtedza ndi nsinjiro anthu akuona. Ndipo m'zipatala zathu, mwana akabwera kachitatu ndi chifuwa chomwechomwecho, pakhale wofunsa kuti amagona chipinda chotani, ndi wazaumoyo wa m'deralo wopita kukachiona.